Phazi Lopondera Buleki

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Bedi langa lili pafupi ndi zenera, koma pazenerapo pamangooneka khoma ndi zingwe zoyanikapo nsalu za chipatala. Msewu suoneka, ndimangoumva. Pali basi ina imene yadutsa masana ikulira mokakamizidwa pachitunda chakuseriko, ndipo ndadziwa ndili chigonere kuti woyendetsayo amachedwa kusintha giya.

Ndapempha akazi anga kope ndi cholembera chifukwa manja anga sadziwa kukhala chabe. Moyo wanga wonse akhala pachiwongolero cha basi. Lero angoti lende pabulangete.

Chandibweretsa ndi bala pansi pa phazi lamanja, kuseri kwa chala chachikulu. Sindikudziwa kuti linayamba liti. Anatulukira ndi akazi anga pochapa, atapeza sokosi yauma gwa ndi magazi. Ine osamva kanthu. Shuga anandiphera mitsempha ya kumapazi kalekale, moti mutandibaya ndi singano ndingangokuyang'anani. Ena amati wodwala wosamva ululu ndi wamwayi. Sakudziwa zimene akunena.

Shuga pofika: 21. Namwino anangoti "Mhm," n'kulemba. Ndimadana nayo "mhm" ya m'chipatala.

Lachiwiri, 4 Juni

Dokotala wamkulu wabwera ndi gulu lake. Analowetsa kachitsulo m'balamo ine ndikuonerera ngati akutokosa phazi la munthu wina. Kenako anatenga kamakina komvetsera magazi. Ataika kuphazi lamanzere kanalira bwinobwino. Kumanja kanangoti zii, n'kudzatulutsa kamawu kakutali kwambiri. Onse anayang'anana.

Mankhwala: dilipi yopha tizilombo katatu pa tsiku. Mapiritsi a shuga andisiyitsa, tsopano ndi jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo. Lamulo lalikulu: phazi lamanja lisakhudze pansi ngakhale kamodzi. Kuchimbudzi ndizipita pachikuku. Ine wonyamula anthu mzinda wonse, lero ndikukankhidwa ndi munthu wosadziwa n'kukhota komwe.

Pabedi loyandikana nane pali telala. Shuga yemweyu anamudulitsa mwendo wamanzere pansi pa bondo masabata apitawa.

"Takulandirani, achimwene," anatero. "Mwabwera ndi miyendo ingati?"

"Iwiri."

"Muziiwerenga m'mawa uliwonse. Muno imasowa."

Anaseka yekha mpaka kutsokomola. Akuti mwayi wake adula wamanzere, poti makina osokera amapalasa ndi wamanja. Atafunsa ntchito yanga n'kuyang'ana phazi limene lamangidwa, kuseka kunatha.

Lachitatu, 5 Juni

Zamveka lero. Mtsempha wopititsa magazi kuphazi watsekeka kuyambira pabondo. Popanda magazi bala silingapole, mankhwala a m'dilipi safikako mokwanira. Dokotala wamkulu akuti angathe kutenga mtsempha wina pantchafu n'kuulumikiza kuti magazi alambalale potsekekapo. Ndinamva msanga, misewu yolambalala ndimaidziwa. Ndinati, "Pangani lero lomwe, adokotala."

Koma kuli mwini wake wina. Masana kunabwera kamdala kakafupi ka magalasi, dokotala amene amagonetsa anthu pa opareshoni. Anandimata timawaya pachifuwa, anaona mapepala, anandifunsa ngati ndimakwera masitepe osapuma. Ndinamuuza kuti masitepe amene ndimakwera ndi a basi, ndipo ndi atatu. Sanaseke.

"Bambo, opareshoni imeneyi ndi yaitali," anatero. "Mtima wanu ndi wofooka, shuga ali pamwamba. Ndikakugonetsani lero, sindikulonjeza kuti ndikudzutsani."

Wandipatsa masabata atatu. Ndilimbitse mtima ndi mafizo, masewera olimbitsa thupi a odwala, shuga atsike, kenako andiyesa. Ndikakhoza, opareshoni ichitika. Zonsezi ngati phazi lidikire.

Ndaimbira foni kapitawo wa kudepoti. Akuti ndisadandaule, basi yanga aikapo wogwirizira chabe, ikundidikira. Sindinamuuze kuti ndi phazi liti. Phazi lamanja ndilo limaponda moto, ndilo limaponda buleki. Likapita, dalaivala wapita.

Lachisanu, 7 Juni

Tsiku loyamba kwa Mayi a Mafizo. Ndi mayi wamtali, wa mawu oti akanakhala kondakitala sipakanafunika hutala.

Chipinda chawo chili pansi. Muli njinga ya manja: zogwirira ziwiri zozungulira, zomangidwa pakatebulo kachitsulo. Amakankhira chikuku changa pansi pa katebuloko n'kumanga mateyala. Phazi lodwala analiika papilo, pachopondera cha chikuku, n'kundiuza kuti ndiliiwale. Anandimanga lamba pachifuwa wowerengera kugunda kwa mtima.

Asanayambe amayeza shuga. Akatsika kwambiri uyambe wadya, akakwera kwambiri ubwerere kuwodi. Lero anali 13, analola.

Kachitidwe kake ndi aka. Umayamba kupalasa pang'onopang'ono kuti thupi litenthe. Kenako amakuwa kuti "Tiyeni!" ndipo umapalasa ndi mphamvu zako zonse kwa theka la mphindi. Akati "Imani!" umaleka, n'kumangozunguza mofatsa mpaka mpweya ubwerere. Usanaiwale n'komwe, "Tiyeni!" winanso.

Theka la mphindi ndinkaliyesa kanthu kochepa. Ulendo wachitatu ndinaona timadontho takuda, malovu anawawa m'kamwa, manja anakana. Nditapeza mpweya ndinati, "Mayi, kayendetsedwe kameneka kamapha injini. Moto, buleki, moto, buleki. Kwathu kudepoti angakuchotseni ntchito."

"Mtima si injini, bambo," anatero. "Sungapirire ulendo wautali, ndiye tikuudzidzimutsa pang'ono n'kuupumitsa. Umalimba msanga choncho. Nayonso minofu ikagwira ntchito yotere imapitiriza kumwa shuga mpaka mawa. Nthawi yoyenda mwachifatse tilibe."

Titamaliza shuga anali 15. Ndinati ndiye mwandikwezera. Akuti zimatero poyamba, atsika masana. Anatsikadi.

Lamlungu, 9 Juni

Alendo. Akazi anga abwera ndi mazira owiritsa, nkhuku yopanda mafuta ndi masamba. Alamu anga abwera ndi keke, akuti wodwala amafuna chokoma. Namwino anaitulutsa ngati wagwira wakuba. Telala anaitsatira ndi maso mpaka pakhomo.

Alamuwo ayamba kale kundiwerengera anthu amene anadulidwa miyendo koma akukhala bwinobwino. Ndinawafunsa ngati mwa anthuwo alipo woyendetsa basi. Anasintha nkhani.

Mapewa akuwawa. Ndikusangalala nawo ululuwo, ndi wanga ndipo ndikuumva.

Lolemba, 10 Juni

Mafizo m'mawa. Ndafika maulendo asanu.

Cha m'ma 3 koloko masana ndinayamba kutuluka thukuta lozizira, manja kunjenjemera. Ndinkafuna kuitana namwino koma lilime linalemera. Telala ndiye anamenya kapu pachitsulo cha bedi mpaka anthu anathamanga. Shuga: 3.1. Anandimwetsa madzi a shuga. Zaka zonsezi akundiletsa shuga, lero akundithira m'kamwa ndi supuni.

Achepetsa insulini ya m'mawa pa masiku a mafizo, ndipo ndizidya kagawo ka buledi ndikangobwerako. Ndinachita mantha. Sindinauze akazi anga.

Lachitatu, 12 Juni

Shuga m'mawa: 10.4. Mafizo bwino. Mtima ukutsika msanga ndikapuma, Mayi a Mafizo akuti ndicho chizindikiro chimene akufuna.

Namwino wotsuka mabala anakwinya nkhope atamasula bandeji. Akuti m'mphepete mwa bala mwachita mikwingwirima.

"Bambo, mukuponda?"

"Sindikuponda."

"Ngakhale popita kuchimbudzi? Ngakhale kamodzi?"

"Ndati sindikuponda, anamwino."

"Mhm."

Lachisanu, 14 Juni

Kuchipinda cha mafizo tilipo angapo a shuga. Pali mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amapalasa ndisanalowe ine. Lero ndamuposa, ndipo ndinaonetsetsa kuti wamva. Ukalamba sumachotsa mwano.

Ndayamba kuikonda njinga ija, ndisaname. M'chipatala muno chilichonse amakuchitira: amakubaya, amakutembenuza, amakukankha, amakambirana za iwe uli pomwepo. Pa theka la mphindi lija mpamene ndimakhala woyendetsa. Akati "Tiyeni!" ndimaluma mano n'kuiwala zonse.

Bala silikusintha. Dilipi asintha, aika mankhwala amphamvu kuposa oyamba. Amandichititsa nseru.

Lolemba, 17 Juni

Shuga m'mawa: 8.9. Maulendo asanu ndi awiri.

Bandeji inapezeka yanyowa ndi magazi masana. Namwino anaitana dokotala wamng'ono, ndipo anandizinga awiri. Akuti bala lotere silituluka magazi lokha, pali chimene chikulipsinja. Akuti odwala ambiri amabisa. Amati kubafa n'pafupi, n'kutsimphina mwakabisira.

Ndinakalipa. Ndinati afunse telala, amandiona tsiku lonse. Telala anati, "Ine sindinawaonepo akutsika, koma nanenso ndimagona." Mboni yotani imeneyo?

Atenga nkhwaira zanga n'kuzitsekera mukabati ya anamwino. Munthu wa imvi kundilanda nsapato ngati mwana wothawa sukulu. Mtima ukundiwawa mpaka pano.

Lachitatu, 19 Juni

Telala amutenganso m'mawa. Chitsa cha mwendo wake chinayamba kununkha kuyambira Lamlungu, iye ankangothira nthabwala. Adula pamwamba pa bondo.

Wabwera madzulo ali mbuu. Atatsegula maso anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira nthabwala, sinabwere. Anangopempha madzi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawu amenewa ndawanena kwa anthu kambirimbiri, lero ndawamva kulemera kwake.

Kumafizo ndinapalasa ngati akundithamangitsa. Mayi a Mafizo anachita kundiletsa, akuti mtima wadutsa malire amene anaika.

Lachinayi, 20 Juni

Bala lakula. Ndaliona ndekha pagalasi limene namwino anandigwirira. Pakati pake pachita mdima. Fungo layamba, lochepa, koma mphuno yanga siinama.

Shuga: 8.2. Manambala onse akuyenda bwino kupatula phazi.

Lamlungu, 23 Juni

Takangana ndi akazi anga. Namwino anawatengera pambali n'kuwauza zake. Anabwera atakwiya kale, anaika chakudya pakabati mwamphamvu.

"Inu abambo, mukufuna kundisiyira chiyani? Anthu akuyesetsa, inu mukuyendayenda."

"Nanunso, mayi?"

"Ndimakudziwani. Simufuna kuthandizidwa. Kunyumba komwe mumakana ndikugwireni dzanja mukadwala."

"Ndikulumbira, sindinaponde."

"Nanga magaziwo akuchokera kuti? Mfiti?"

Anthu a mabedi ena anangoti phee, kumvetsera. Ndinatembenukira kukhoma. Zaka zonse takhala limodzi sindinawanamizepo pa nkhani ya matenda, ndipo lero akhulupirira mlendo. Iwo analira mwakachetechete akusenda lalanje limene sindinadye.

Pochoka anati mawa apempha tchuthi kuntchito, akhala nane tsiku lonse, aone okha. Ndinati bwerani, mudzachite manyazi.

Lolemba, 24 Juni

Ndilemba mmene zinachitikira, mwina zichoka m'mutu.

Akazi anga anafika m'mawa. Anandikankha okha kupita kubafa, kubwerera, kenako kumafizo. Mayi a Mafizo anawalola kulowa, koma mpando unalipo umodzi, kampando kakafupi kumbali kwa khoma. Anakhala pamenepo, pansi kwambiri, moti maso awo anali kuyang'ana kunsi kwa katebulo.

Shuga anali 9. Ndinatenthetsa thupi. Ndinkafuna aone mmene ndalimbira, ndiye atangoti "Tiyeni!" ndinapalasa kuposa masiku onse. "Imani!" Ndinapuma. "Tiyeni!" Ndinapalasanso.

Ndinamva akazi anga akuseka. Kuseka kwenikweni, kumene sindinakumve chilowereni muno.

"Koma abambo inu! Mpaka muno mukuyendetsa basi?"

Kusekako kunaduka pakati. Anaimirira n'kukuwa, "Siyani! Mayi, asiyitseni!"

Mayi a Mafizo anadabwa. Iwo nthawi zonse amaima patsogolo panga, diso lina pawotchi, lina pamakina a mtima. Akazi anga anawakoka dzanja n'kuwagwaditsa pansi.

"Taonani phazilo. Nenaninso mawu anu aja."

Mayi a Mafizo ananena motsitsa, "Tiyeni." Ndinapalasa pang'ono chabe, n'kuwerama kuti ndione. Phazi langa lamanja linali litatsamira kutsogolo, zala pansi, likukanikiza pilo mpaka pilo yaphwatalala pachitsulo cha chopondera.

"Imani," anatero.

Phazi linadzuka, linasunthira kumanzere pang'ono, n'kudinda pansi mwamphamvu. Pabala penipeni.

Ndinaliona ndi maso angawa. Sindinalitume, sindinalimve. Akati tiyeni likuponda moto, akati imani likuponda buleki, monga lakhala likuchitira moyo wake wonse. Akazi anga akuti ndimatero ngakhale ndikakwera galimoto ya munthu wina, ndimaponda pansi dalaivala akachedwa kuima. Iwo anazolowera, ankangoseka.

Atachotsa pilo, kunsi kwake kunali banga la magazi akale ndi atsopano. Masabata awiri ndi theka ndakhala ndikulimbitsa mtima uku ndikupondereza bala pachitsulo ndi mphamvu zanga zonse, ndipo pamene ndinkalimba mpamene ndinkapondanso kwambiri.

Pobwerera kuwodi akazi anga anaimitsa chikuku pakhonde, anagwada kutsogolo kwanga.

"Pepani, abambo. Ndinakunenerani zabodza."

Ndinawauza kuti bola chikanakhala choona. Munthu woyenda mwakabisira ungamuletse.

Lachiwiri, 25 Juni

Mayi a Mafizo abwera kuwodi, koyamba. Mawu awo aakulu aja anawasiya pansi. Akuti anayenera kuyang'ana kunsi, akuti zalembedwa ndipo akafotokoza kwa akuluakulu awo. Ndinafuna kuwakalipira, mawu ndinali nawo okonzeka kuyambira dzulo. Nditawaona nkhope ndinalephera. Ndikalipire ndani? Phazi ndi langa.

Nkhwaira zanga abweza. Namwino anaziika pansi pa bedi.

Ndinafunsa dokotala wamkulu mosapita m'mbali ngati njinga ija ndiyo yawononga. Anati, "Sindinganene kuti ndi chokhacho. Phazi lopanda magazi limatha kuwola ngakhale mutaligoneka pathonje. Koma sizinathandize."

Ajambula fupa. Zotsatira Lachisanu, tsiku lomwelo la mayeso a mtima. Chala chachikulu chada kunsonga.

Lachitatu, 26 Juni

Thupi latentha, 38.6. Mafizo ayi. Kuzizidwa. Sindinadye.

Lachinayi, 27 Juni

Kutentha kwatsika. Dilipi ziwiri tsopano, dzanja lamanzere latupa, asamutsira kumanja.

Mayi a Mafizo anandiyeserera pang'ono za mawa. Mwendo aupachika palamba, ukulendewera m'malere kuti usakhudze kanthu. Asiya kunena mawu awo aja, akungokweza dzanja ndi kulitsitsa. Phazi likupondabe mphepo. Ndinasiya kuliyang'ana.

Telala wayamba kuyankhula. Anandifunsa ngati ndikuopa. Ndinati eya. Anati, "Nanenso ndinkaopa. Panopa ndangotopa."

Lachisanu, 28 Juni

M'mawa, mayeso. Kamdala ka magalasi kanabwera kokha kuchipinda cha mafizo. Anandiveka chophimba pakamwa cha paipi, timawaya pachifuwa, ndipo njinga ankailemeretsa pang'onopang'ono mpaka nditalephera. Ndinapalasa mpaka manja anachita dzanzi. Ndinkaganiza za basi yanga ili padepoti m'mawa, magalasi ali ndi mame.

Anayang'ana mapepala nthawi yaitali, kenako anavula magalasi n'kumwetulira.

"Bambo, mwagwira ntchito. Uwu si mtima umene ndinauona tsiku lija. Ndikugonetsani, ndipo ndikudzutsani."

Anandigwira chanza. Shuga 7.4. Akazi anga anathamangira panja ndi foni, anaimbira ana, alamu, abusa, kudepoti komwe. Ndinawamva pakhonde akuti, "Akhoza! Akhoza!" Nanenso ndinasangalala, ndisabise. Ndinadya chakudya chonse chamasana.

Dokotala wamkulu anabwera dzuwa litapendeka. Sanabwere ndi gulu. Anakoka makatani kuzungulira bedi n'kukhala pampando, ndipo dokotala akakhala pansi umadziwiratu.

Tizilombo talowa m'fupa, tadutsa pakati pa phazi. Mnofu umene ankafuna kulumikizapo mtsempha wafa. Akuti ngakhale atabweretsa magazi lero, palibe chowalandira. Akadikira, poizoni alowa m'thupi lonse. Adula pansi pa bondo, Lolemba m'mawa.

Akazi anga anati, "Koma akhoza mayeso, adokotala. Anzanu anena okha."

"Akhozadi, mayi. N'chifukwa chake ndikutha kuchita opareshoni imeneyi mtima uli m'malo. Akanabwera nazo chonchi masabata atatu apitawo, ndikanaopa kuti tiwataya patebulo."

Ndiye ndi zimenezo. Ndinalimbitsa mtima kuti upirire mpeni wina, upirira wina. Sindinalire pamaso pake. Nditamva makatani akutsegulidwa ndinafunda bulangete kumutu.

Loweruka, 29 Juni

Ndasaina.

Mayi a Mafizo anadutsa ngakhale si tsiku lawo la ntchito. Anandigwira mkono pamwamba pa chigongono, n'kufinya. Akuti ambiri amavutika ndi ndodo zoyendera chifukwa manja alibe mphamvu, ine sindivutika. Akuti bala likangouma tibwerera panjinga, shuga sadikira. Ndikudziwa kuti amanena zoona ndipo amafuna kundilimbitsa. Ndinawapempha kuti apite.

Akazi anga sanaimbirenso aliyense. Akuti pakamwa pawo sipakutseguka.

Lamlungu, 30 Juni

Dokotala wamng'ono wabwera m'mawa ndi cholembera chakuda. Wajambula muvi pamsongolo wamanja, woloza pansi, kuti mawa asasokoneze mwendo. Anandifunsa dzina ndi mwendo wake kawiri. Kudya ndilekeza madzulo ano. Insulini ya mawa m'mawa aisintha, andiika dilipi ya shuga ndi insulini pamodzi.

Nthawi ya alendo ndinamva phokoso pakhomo la wodi. Kapitawo, kondakitala wanga ndi madalaivala awiri, onse mu yunifolomu, atanyamula jumbo ya malalanje. Uthenga umene anali nawo ndi wa Lachisanu m'mawa.

"Ngwazi ija ili kuti?" anakuwa kapitawo. "Tamva kuti mwakhoza, mdala! Mukubwera liti?"

Kondakitala sanadikire n'kukhala pansi komwe. "Bwerani msanga, abwana, tavutika. Wogwirizira uja akaponda buleki anthu onse amakapezeka kutsogolo. Amayi a kumsika aja akufunsa tsiku lililonse kuti adalaivala athu ali kuti."

Anaseka onse. Akazi anga anayang'ana pansi. Telala anatembenukira kukhoma kuti atipatse malo.

Ine ndinangokoka bulangete n'kuwaonetsa mwendo. Anaona bandeji, anaona chala, anaona muvi. Madalaivala safuna kuwamasulira chikwangwani. Mmodzi anavula chipewa.

"Liti?" anafunsa kapitawo.

"Mawa."

Anakhala pamphepete mwa bedi, jumbo ikadali m'manja. Anayamba zoti kampani siitaya anthu ake, mwina kuofesi, mwina pageti, tiona. Ndinamusiya amalize. Ndi munthu wabwino, ndipo tonse tikudziwa kuti pageti pali kale munthu.

"Akapitawo," ndinatero, "basi ija musaisungenso. Mpatseni wogwirizirayo, ikhale yake."

"Musafulumire, mdala."

"Sindikufulumira. Mpatseni."

Kondakitala anatuluka panja, akuti akukayankha foni. Foni sinalire.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amakaniko, chifukwa ndinkafuna basi imeneyo izimvera ine ndekha. Ndinaona kuti ndikapanda kunena lero, ndidzaumira nacho.

"Mukamuuze kuti giya yachitatu imakana m'mawa kukazizira. Asamalimbane nayo, adzaithyola. Aziibweza pakati kaye, apume kamodzi, imalowa yokha."

Kapitawo anagwedeza mutu. Anati akamuuza mawa lomwe, asanatulutse basi.